Jumbo ya Mankhwala ya Agogo

Mwezi watha a mphakati wathu tinapita ku Bangwe kukazonda agogo ena. Titatha kupemphera, mwana wawo anatulutsa jumbo ya mankhwala kuti tione mmene banja likuyesetsera. Munali a BP ndi a shuga ochokera kuchipatala, Brufen wa mawondo wogula pagolosale, Piriton woti azigona usiku, mapiritsi otumizidwa ndi mwana wina wa ku Johannesburg, komanso botolo la mankhwala azitsamba. Mwana aliyense anaponyamo dzanja. Komabe agogowo anali atagwa kawiri kubafa, ndipo oyandikana nawo anali atayamba kunong'onezana kuti akumayankhula zosamveka.

Pobwerera ndinadzifunsa kuti: lamulo lachinayi likamatiuza kuti tilemekeze makolo, kodi likutanthauza kuti tiwapatse chilichonse chimene thumba lathu lingakwanitse? Kodi n'zotheka kumuvulaza munthu ndi chikondi?

N'zotheka ndithu. Munthu akamakalamba impso ndi chiwindi zimagwira ntchito pang'onopang'ono, choncho mankhwala amakhalitsa m'thupi. Mlingo umene mnyamata sangaumve n'komwe ukhoza kugwetsa nkhalamba. Brufen, Indocid ndi Diclofenac akamwedwa nthawi yaitali amatha kuyambitsa zilonda za m'mimba, kuwononga impso ndi kukweza BP. Piriton ndi Valium amabweretsa tulo masana ndi kusokoneza mutu. Mankhwala a BP amatha kuchititsa chizungulire munthu akadzuka mofulumira. Ena a shuga, monga glibenclamide, amatsitsa shuga mopitirira ngati munthu wamwa koma sanadye. Nkhalamba ikasokonezeka mutu timathamangira kunena kuti ndi ukalamba, ena mpaka kuitchula mfiti, pamene mwina chayambitsa vutolo chili m'jumbo momwemo.

Apa ndi pamene madokotala amatiphunzitsa kanthu kogwirizana ndi chikhulupiriro chathu. Iwo sayang'ana zaka zokha, amayesanso kufooka kwa thupi. Mu 2001 dokotala wa ku America, Linda Fried, ndi anzake anatchula zizindikiro zisanu: kuonda mosadziwika bwino, kutopa kosatha, kuchepa mphamvu kwa dzanja pogwira, kuyenda pang'onopang'ono, ndi kusiya ntchito zogwiritsa thupi. Amene ali ndi zitatu mwa zimenezi ndi wofooka, ndipo kanthu kakang'ono kakhoza kumugoneka. Agogo awiri a zaka 75 salingana: wina akulima dimba, wina akulephera kudzuka pampando osagwira khoma. Kuwapatsa mankhwala mofanana n'kulakwira mmodzi wa iwo. Nafenso timakhulupirira kuti Mulungu amamudziwa munthu aliyense payekha. Kulemekeza kholo kumayamba ndi kuliona mmene lilili lero, osati mmene linalili likutibereka kumbuyo.

Wina anena kuti, "Ndinavutikira ndalama imeneyi, ndiye mundiuze kuti ndalakwa?" Simunachimwe, m'bale wanga, mtima wanu unali wabwino. Koma tizivomereza kuti nthawi zina timagula mankhwala pofuna kutonthoza mtima wathu womwe. Kutumiza ndalama pafoni n'kosavuta kusiyana ndi kukhala pamzere ku Queens m'mawa wonse. Mapiritsi amasanduka chipepeso cha kusapezeka kwathu. Ndipo tikadziwa zoona zake, kupitiriza kumakhala kusasamala.

Palinso dzenje mbali inayo. Wina akawerenga izi asakataye mankhwala a amayi ake, kapena kuwauza kuti pemphero lokha likwanira. Kusiya mwadzidzidzi mankhwala a BP, a shuga kapena ma ARV n'kuika moyo pachiswe. Kuchepetsa kapena kusintha mankhwala ndi ntchito ya dokotala. Ntchito yathu ndi kumuthandiza kuona zonse.

Tsono tichite chiyani? Popita kuchipatala tinyamule jumbo yonse, kuphatikizapo zogula tokha ndi zazitsamba, pamodzi ndi buku la kuchipatala. Tinene mosabisa ngati agogo anagwa, akuonda, sakudya kapena akusokonezeka. Pa mankhwala alionse tifunse kuti: awa ndi a chiyani, ndipo akufunikabe? M'banja mukhale munthu mmodzi wodziwa zonse zimene agogo akumwa, ndipo wotumiza mankhwala ayambe wafunsa iyeyo.

Koposa zonse tiwafunse eni ake. Tsiku lija tonse tinkayankhula za agogowo ngati palibe, mpaka mayi wina wa mphakati anawafunsa mmene akumvera. Anayankha kuti mapiritsi a usiku amawachititsa kudzuka ngati aledzera, ndipo chimene akufuna n'kukhala ndi mphamvu zofikira ku Misa. Palibe mwana amene ankadziwa zimenezi, chifukwa palibe anafunsapo. Timati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma akadwala timawalanda mawu pa thupi lawo lomwe.

Mu 2021 Papa Francis anakhazikitsa tsiku la agogo ndi okalamba, Lamulungu lachinayi la July, pafupi ndi chikondwerero cha Yoakimu ndi Anna Oyera pa 26 July. Koma tisadikire tsikulo. Tikatuluka m'tchalitchi lero, tipite tikakhale pansi ndi agogo athu, titsegule jumbo ija, tiwerenge zimene zilimo, kenako tiwamvetsere.