Chiboliboli chimasunga nkhope, mbiri chimaisiya



Mu 2018 ndili ku sekondale, ku Blantyre kudabuka mkangano pa chiboliboli cha Mahatma Gandhi chomwe amafuna kumanga pa Ginnery Corner. Ena amati ndi ngwazi yamtendere, komanso India idalonjeza kumanga malo ochitira misonkhano. Achinyamata ena adakana, nkumati munthuyu ali ku South Africa adalemba mawu onyoza anthu akuda. Khoti lidapereka chiletso, ntchito nkuima. Chaka chomwecho University of Ghana idachotsa chiboliboli chake.

Ine ndimangoti anthu akukanganirana mwala. Pano ndikuona kuti amakanganirana zomwe ana athu adzakumbukire.

Ku madrasa ustadhi adatiphunzitsa za mayina asanu a mu Sura Nuh: Wadd, Suwa', Yaghuth, Ya'uq ndi Nasr. Ibn Abbas (radhiyallahu anhu) adafotokoza kuti awa adali anthu olungama. Atamwalira, anzawo adawaimikira zifanizo kuti aziwakumbukira basi. Mbadwo umenewo utatha, chifukwa chake chidaiwalika, otsatira nkuyamba kuzipembedza. Chiboliboli chimatero: chimakweza munthu pamwamba, zolakwa zake nkutsala pansi.

Komatu tisathamangire kuloza Gandhi yekha. Ku Nkhotakota timanyadira kuti a Jumbe adathandiza kufikitsa Chisilamu m'dziko muno. Nzoona. Nzoonanso kuti a Jumbe omwewo amagulitsa akapolo, kuwaolotsa nyanja kupita ku Kilwa. Mnzanga wina ku yunivesite atandifunsa zimenezi, ndidapsa mtima nkusintha nkhani. Usiku ndidadzifunsa: ndiye ndikusiyana pati ndi woteteza chiboliboli? Ndidali nditamanga changa mumtima, chopanda simenti.

Sura An-Nisa, ndime 135, imatilamula kuikira umboni mwachilungamo ngakhale ukutikhudza ife eni kapena makolo athu. Ndiye pa nkhani izi, tifunse: kodi munthuyu adachita chiyani, nanga omwe adavutika m'manja mwake akukumbukiridwa pati? Funso lomwelo tiwafunse a kwathu ndi a kwina, muyezo umodzi.

Chisilamu sichigwa chifukwa tavomereza kuti Msilamu wina adalakwa. Chomwe chimatifooketsa ndi kubisa.

Allah atipatse mtima wonena zoona ndi lilime lofatsa. Ameen. Wallahu a'lam.