Kodi Mkuru Ayenera Kumva Cidzudzulo ca Wamng'ono?

Pali ponse pamene anthu agwira nchito pamodzi, kapena m'munda wa fodya, kapena m'sukulu, kapena m'sitoro, pamamera mwambo wace wa pamalopo, wosalembedwa m'buku koma wodziwika kwa onse. Mlendo wolowa nchito lero adzauphunzira sabata lisanathe: adzaona ngati anzace abisa zolakwa kapena aziulula, ngati aopa kapitao kapena amkhulupirira. Tsono funso lathu mwezi uno ndi ili: mwambo umenewu auumba ndani? Ndipo kodi nkoyenera kuti wamng'ono adzudzule mkuru wace pa nchito?

Ambiri adzayankha msanga kuti iai, pakuti tinaleredwa kuti mwana satsutsana ndi akuru, ndi kuti mau a akuru akoma akagonera. Ulemu umenewu ndi cuma, ndipo sitifuna kuutaya. Koma tiyeni tione cimene cinacitika pa cisumbu ca Tenerife pa 27 Marichi 1977. Ndege ziwiri zazikuru, ina ya KLM ndi ina ya Pan Am, zinali pa bwalo la ndege la Los Rodeos, ndipo nkhungu inaphimba bwalolo kotero kuti oyendetsa sanathe kuonana. Mkuru woyendetsa ndege ya KLM anali munthu wodziwa nchito yace ndithu, mphunzitsi wa oyendetsa anzace. Iye, poyesa kuti waloledwa kunyamuka, anayamba kuthamangitsa ndege yace, pamene inzace inali ikali m'njira yomweyo. Mmodzi wa omthandiza, woyang'anira makina, anakayika nafunsa ngati ndege ija idapatuka kale. Mkuruyo anayankha mwamphamvu kuti inde, ndipo wofunsayo sanabwerezenso. Ndegezo zinagundana, ndipo anafa anthu 583.

Taonani, abale: cenjezo linalipo, koma linaturuka kamodzi kokha, ndipo linagonja pamaso pa ukuru. Pambuyo pa tsoka ili ndi ena onga ilo, makampani a ndege anayamba kuphunzitsa anchito ao mwambo wina, wakuti wamng'ono akaona coopsa anene momveka ndi kubwereza kufikira amvedwa, ndi kuti mkuru azifunsa yekha maganizo a anzace. Ulemu wa mkuru sanaucotse. Anangouphunzitsa kuchera khutu.

Koma wina adzati, "Mwambo woipa ucokera kwa anchito eni ace, pakuti ena ali aulesi cibadwire, mkuru angacitenji nao?" Yankho tilipeza ku Fremont, m'dziko la America. Kumeneko kunali fakitale ya galimoto ya General Motors imene inachuka ndi mbiri yoipa: anchito ambiri anali kujomba, ena kumwa mowa pa nchito, ndipo galimoto zinali kuturuka ndi zirema zambiri. Lamulo la akuru linali lakuti mzere wa nchito usaime konse. Cotero munthu akaona colakwa anangocileka cipite. Fakitaleyo inatsekedwa m'caka ca 1982. M'caka ca 1984 inatsegulidwanso, General Motors atagwirizana ndi Toyota ya ku Japan, ndipo ambiri a anchito olembedwa anali omwe aja akale. Akuru atsopano anapacika cingwe pafupi ndi wanchito ali yense, namuuza kuti akaona colakwa acikoke. Akacikoka, kapitao anali kudza msanga kudzamthandiza, ndipo cikapanda kukonzeka, mzere unali kuima. Pasanapite zaka zambiri, galimoto za ku Fremont zinayandikira ubwino wa zija zopangidwa ku Japan, ndi kujomba kunacepa kwambiri. Fakitaleyo inagwira nchito motero kufikira 2010.

Manja anali omwewo, nyumba inali yomweyo. Cimene cinasintha ndi mayankhidwe a akuru pamene wamng'ono anena coipa. Apa ndipo pagona nkhani. Anchito sasamala kwambiri mau amene mkuru alankhula pa msonkhano. Iwo apenyetsetsa nkhope yace tsiku limene munthu amtengera uthenga wowawa. Akakwiya nalanga wonenayo, onse aphunzira kukhala cete, ndipo kuyambira pamenepo mkuruyo adzamva zokoma zokhazokha kufikira denga limgwera. Akathokoza nakonza, onse aphunzira kuti coonadi ciri ndi malo pamenepo.

Makolo athu anazidziwa izi, cifukwa cace anati wakutsina khutu ndi mnansi, natinso mutu umodzi susenza denga. Mfumu yanzeru pa bwalo siyamba ndiyo kugamula. Imva nduna ndi eni mlandu poyamba, ndipo ilankhula potsiriza, pakuti idziwa kuti ikayamba kunena, ena onse adzangobvomereza.

Komabe cidzudzulo ciri ndi malamulo ace, ndipo agwira mbali zonse ziwiri. Wamng'ono anene mwaulemu, kwa mwini wace, osati kuseri pa citsime; achule cinthu ceniceni cimene cinalakwika, osanyoza munthu. Mkuru nayenso, podzudzula wanchito, acite msanga colakwa cisanakhazikike, amtengere pambali ngati nkotheka, amsonyeze njira yokonzera, ndipo asaiwale kuyamika pamene nchito yakoma. Pakuti munthu amene amva liu la mkuru wace pa tsiku la mlandu lokha adzayamba kumthawa ngati cirombo. Koma katundu wolemera ali pa mkuru, cifukwa iye akalankhula sataya kanthu, pamene wamng'ono polankhula aika paciswe nchito yace ndi cakudya ca ana ace.

Cotero inu amene muyang'anira anzanu, kapitao, mphunzitsi wamkuru, mwini munda wolemba aganyu, dzifunseni funso ili: ndi liti pamene wamng'ono anandiuza kuti ndalakwa, ndipo ndinamuyankha bwanji? Ngati papita caka osamva mau otere, musafulumire kuyesa kuti simulakwa. Kapena anthu anu analeka kunena. Pitani kwa iwo mawa, muwafunse cimene cibvuta pa nchito, ndipo woyamba kuyankha mumthokoze pamaso pa onse.