Mphepo ilibe mwini, zombo zili ndi eni

Ndinakulira m'komboni ya papulazi ya fodya kufupi ndi Mvurwi, ku Mashonaland. Nyanja yamchere sindinaionepo, komabe nkhani ya zombo zoyenda zokha yandisowetsa tulo.

Kampani ya Drift Energy ku Britain ndi ya Farwind ku France zikukonza zombo zokankhidwa ndi mphepo. Chombo chikamathamanga, madzi amazunguza chipangizo cha kunsi kwake n'kupanga magetsi, ndipo mphamvuyo ikhoza kusungidwa ngati mpweya wa haidrojeni. Akatswiri amafuna kuti tsiku lina zombo zambirimbiri ziziyenda popanda amalinyero, kompyuta ikuwerenga zanyengo n'kuuza chilichonse kolowera ndi nthawi yobwerera kudoko.

Ntchito yogawa ntchito imeneyi ndikuidziwa. Papulazi ankaigwira ndi folomani. Agogo anga, amene anachoka ku Ntcheu pa lole ya Ulere, ankadzuka simbi ikalira, folomani n'kuwapimira mugwazo wa tsikulo. Anapuma atapindika msana. Choncho munthu akati makina achotsa thukuta lotere, ine sindingalire.

Chimene chimandiopsa n'china. Ife tinkawerengedwa ngati anthu chifukwa manja athu ankafunika. Nyumba, chigayo, sukulu, ngakhale manda, zonse zinali zomangirira ku ntchito. Mapulazi atalandidwa kuyambira mu 2000, ambiri anataya ntchito ndi pogona tsiku limodzi. Lamulo la unzika la 2001 linasiya ana obadwira konkuno ali alendo, mpaka malamulo a dziko a 2013 anatsegulanso khomo. Tinaphunzira kuti ulemu wopatsidwa chifukwa cha manja umatha manjawo akasiya kufunika.

Tsono funso langa lili kwa eni zombo. Folomani tinkamuona nkhope; ukanatha kumudandaulira, kumunyoza pansipansi, kapena kunyanyala ntchito. Gulu la zombo lopanda munthu silinyanyala, ndipo palibe amene angaumirize mwini wake kugawana phindu. Mphepo imaomba pa aliyense, koma woikolola adzakhala amene ali ndi zombo ndi kompyuta.

Zombozo zimangidwe ndithu, dziko likufunika magetsi osatulutsa utsi. Koma tigwirizane msanga, manja athu akadali ndi mtengo, kuti munthu ayenera nyali ndi denga chifukwa ndi munthu. Tikadikira kuti zombo zinyamuke, tidzakambirana tilibe chogwira. Agogo anamwalira m'nyumba yowala ndi koloboyi, nthambo za magetsi a ku Kariba zikudutsa pamwamba pa komboni.