Nkhope za Oweruza a ku London

Kuyambira 1876 mpaka 1883, ku London kunkatuluka Men of Mark, zithunzi za anthu otchuka zimene anajambula a Lock ndi a Whitfield. Mwa anthuwo munali oweruza, monga Sir George Jessel, Myuda amene anakhala pa udindo wa Master of the Rolls mu 1873, wodziwika pogamula milandu mosazengereza. Zithunzizo anazisindikiza mwa njira ya Woodburytype, ya utoto wosakaniza ndi jelatini, n'chifukwa chake sizinasuluke mpaka lero.

Nkhope zimenezi zimatikumbutsa kuti lamulo limadzera mwa munthu, wotopa ndi wokalamba ngati ife. Tsono inu amene lero muweruze mlandu, kaya kubwalo kaya pakhomo, mverani mbali zonse musanagamule.