Kodi Payer adanama?

Mu 1973 dziko la Austria lidatulutsa sitampa yokumbukira zaka 100 chipezekere zilumba za Franz Josef Land, kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi. Pasitampapo pali sitima ya Tegetthoff itakanirira m'madzi oundana, chithunzi cha Julius Payer, mmodzi wa atsogoleri a ulendowo.

Payer yemweyu mu 1874 adaika pamapu dziko lina, nalitcha Petermann Land. Dzikolo kulibe.

Tinene kuti adanama? Ine ndikukana. Wabodza amadziwa zoona n'kuzibisa, pomwe iye adajambula zomwe ankayesa kuti waona. Komatu mu 1895 Fridtjof Nansen, akubwerera ndi mnzake mmodzi yekha, chakudya chikutha, adasokonezeka ndi mapu omwewo. Iyeyo tikadamuuza kuti palibe wolakwa?