Kusaka Mpheta ya Msana Wofiira ku Vwaza

Madzi a tiyi akamawira, tiyeni ndikutengereni ku Rumphi.

Tinanyamuka pa nyanja ya Kazuni, ku Vwaza, mame asanakamuke. Tinkafuna kambalame kamodzi basi, kachibale ka mpheta ndi atchete, kamene m'mabuku amakalemba kuti chestnut-backed sparrow-weaver. Kamakhala m'nkhalango za miombo ku Angola, Congo, Zambia ndi kuno kwathu, ndipo ofuna kukaona ku Malawi amathamangira ku Vwaza.

Wotilondolera, mfuti ili paphewa chifukwa cha njovu, ankangoti, "Tiyende pang'onopang'ono, bambo." Akashembe anatiluma m'khosi, ife osayerekeza kudziomba mbama. Maola atatu anatha. Masamba ouma ankangoti tswatswa kumapazi, mtima wanga n'kuyamba kugwa mphwayi.

Kenaka mkulu uja anaima nji, n'kuloza ndi chibwano. Panthambi ya mombo panali kambalameko: msana wofiirira ngati dothi lakatondo, mutu wamizere yakuda, pamimba potuwa. Kanatipenya kamphindi, kenaka pululu! Ndinapeza manja anga akunjenjemera.

Pobwerera kumudzi tinapambana ndi njinga zosenza matumba a makala, ndipo zinandipweteka. Sindikuweruza wootcha makala, naye ali ndi ana ofuna phala. Koma makalawo ndi miombo, ndipo kambalame kaja sikadziwa mudzi wina.

Ngati kwanuko kwatsala mtengo wa mombo, tulukani mukaime pansi pake dzuwa lisanakwere, mumvetsere.