Akafula makumi awiri amene sindidawapente

Mdzukulu wanga, zimitsa foniyo ukhale apa. Amayi ako andiuza zimene udachita Loweruka lapitali, ndipo sindinagone nazo tulo. Mnzako wa kusukulu uja adakwera basi kuchokera kutsidya lina la mzinda, katoni ya asilikali ake ili kukhwapa, iwe n'kumubweza pakhomo, ati gulu lako sunamalize kupenta. Aka n'kachiwiri. M'chipinda mwako muli mabokosi atatu a tiasilikali ta Space Marines, awiri osatsegula n'komwe, ndipo madzulo ako onse amathera pa YouTube kuonerera manja a anthu ena akupenta. Tandipatsa bokosi lili pansi pa mpandolo. Usalitsegule, nditsegula ndine, muli poizoni.

Ndidafika ku Nottingham mu 1986 kudzaphunzira. M'nyumba ya lendi tidalimo anyamata anayi, ndipo mmodzi adali mzungu wa komweko, wosayankhulayankhula. Chisanu choyamba chidandizunza. Mdima unkagwa 4 koloko, kuzizira kolowa m'mafupa, kalata yochokera kumudzi kumatenga masabata. Pa anthu onse amene ndidakumana nawo chaka chimenecho, iye yekha ndiye adagogoda pachitseko changa. Adandipititsa kukhitchini kumene adayala nsalu yobiriwira patebulo, pansi pa nsaluyo atasanjikiza mabuku a kusukulu kuti akhale mapiri. Pamwamba padaima tiasilikali ta mtovu, kutalika kosaposa theka la chala chachikulu, tili m'mizere.

Zidandinyansa poyamba, ndisakunamize. Bambo anga adapita ku Burma mu 1944 ndi King's African Rifles, ndipo adabwerako osafuna kumva ngakhale mfuti ya mlenje. Ndidamuuza mnzangayo kuti kwathu nkhondo sitiseweretsa. Sadapse mtima. Adandifotokozera za H. G. Wells, amene mu 1913 adalemba kabuku ka malamulo kotchedwa Little Wars, njonda yandevu zapamlomo ikukwawa pansi n'kumagwetsa zidole ndi kamzinga ka sipulingi. Wells adanena kuti wosewera nkhondo yaying'onoyo sachedwa kuona kupusa kwa nkhondo yeniyeni. Chaka chotsatira nkhondo yeniyeniyo idaulika ndithu. Kenaka mnzangayo adandipatsa madayisi m'manja nati ndiponye.

Masewera ake adali Warhammer, amene Games Workshop idatulutsa koyamba mu 1983. Tiasilikalito tinkaumbidwa ndi Citadel ku Eastwood, kufupi ndi Nottingham komweko, ndipo tinkagulitsidwa pang'onopang'ono m'timapaketi, moti munthu wa ndalama za sukulu ngati ine ankasonkhanitsa gulu lake miyezi yambiri. Iye adali ndi ma orc, zimphona zobiriwira zija. Ine ndidasankha ma dwarf, anthu aafupi andevu zofika m'mawondo, ndipo ndinkawatcha akafula. Dzinalo adalikonda, n'kuliphunzira, n'kumalitchula bwino kuposa mmene ankatchulira dzina langa. Akafula sathamanga. Tepi yoyezera inkawapatsa mainchesi atatu okha pomwe ena akuyenda anayi, koma akaima paphiri sungawasunthe. Uponye dayisi kuti nkhwangwa ifike pa mdani, uponyenso kuti imuvulaze, iye aponye kuti chishango chimupulumutse. Lachisanu lililonse, zaka zinayi, mpaka pakati pa usiku. Ndi masewera ofanana ndi bawo pa chinthu chimodzi: ngakhale bawolo likhale losemedwa bwino chotani, wekha sungatakate.

Mu 1990 ndidapeza ntchito ku Manchester. Tsiku lonyamuka adandipatsa akafula makumi awiri atsopano, osapenta, otuwa, ali ndi mauta m'manja. Adati ndikawapente ndibwere nawo tidzapitirize. Manchester ndi Nottingham n'pafupi, ulendo wa pasitima wa maola awiri okha. Adandilembera kalata. Ndidayankha kuti ndibwera ndikamaliza kupenta. Adalembanso, ine yankho lomwelo. Kalata yachitatu sindidayankhe chifukwa cha manyazi, popeza burashi ndidali ndisadaikhudze. Kudabwera ukwati, amayi ako kubadwa, ntchito ya usiku, maliro a kumudzi ofuna ndalama. Zonsezi n'zoona, koma palibe chimodzi mwa izo chimene chidandiletsa kukwera sitima Loweruka limodzi. Akuluakulu adati zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo ine ndidaumva mwambiwu ndili mwana, n'kuuyesa wonena za alimi ochedwa kudzala.

Tsopano taona. Bokosili ndidalipeza chaka chatha tikukonza kudenga. N'la matabwa a oak, ndidaligula dala lokongola poganiza kuti ndikuwalemekeza. Sindinkadziwa kuti matabwa amenewa amatulutsa mpweya wowawasa wonga wa viniga, ndipo ukatsekeredwa pamodzi ndi mtovu pamalo a chinyontho umaudya pang'onopang'ono. Osewera amati lead rot, kuola kwa mtovu. Yang'ana mzere wa kumanjaku. Awa ndi amene ndidapenta patebulo lija, mnzanga atakhala pambali panga akundigwira dzanja kuti burashi isanjenjemere pojambula diso. Penti ndi vanishi zidawatchinga. Malaya abuluu akadali abuluu, ndipo uyu wa mbendera akadali ndi kadontho kofiira patsaya pamene dzanja langa lidaphonya mu 1987. Tsono yang'ana kumanzereku. Fumbi loyera ngati ufa woyera ukulionali ndiwo akafula makumi awiri aja. Nkhope zidafufutika, mauta adathothoka. Uyu ndidamunyamula tsiku lija, mwendo n'kutsalira m'bokosi. Mphatso ya munthu ndidaisunga zaka zoposa makumi atatu mpaka idasanduka phulusa, osaigwiritsa ntchito ngakhale tsiku limodzi.

Pansi pake padali bukuli. Ndi malamulo a Warhammer otuluka kachitatu, a 1987, a chikuto cholimba, msana wake womata ndi selotepi imene idasanduka yachikasu. Nditalitsegula fungo la pepala lakale lidandibwezera kukhitchini kuja, ketulo ikuwira, mawindo atachita nthunzi. Ndidakhala pansi kudengako ola lathunthu, agogo ako aakazi akuitana ine osamva. M'mphepete mwa masamba muli zolemba zake za pensulo, pamene tinkakangana za lamulo n'kugwirizana tokha mmene tizichitira. Kuseri kwa chikuto adalemba nkhondo zathu zonse, tsiku ndi wopambana. Mzere womaliza adalembapo dzina langa ndi lake, malo a tsiku n'kusiya opanda kanthu. Bukuli lidali lake. Adaliika m'chikwama mwanga osandiuza, kuti ndikhale ndi chifukwa cholibwezera.

Usiku womwewo ndidamufufuza pa Facebook. Adandiyankha ndi mlongo wake. Adati adamwalira zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, ndipo pokonza m'nyumba mwake adapeza ma orc aja ali pashelefu, opukutidwa bwino. Adandifunsa ngati ine ndine uja mchimwene wake ankamutchula kuti wa akafula.

Masiku ano ndimaona amuna a msinkhu wanga akulimbirana pa eBay tiasilikali ta m'ma 1980, kulipira ndalama zambiri chifukwa cha kamtovu kamene kale tinkagula ndi ndalama yotsala pogula buledi. Sindiwaseka, ndimadziwa chimene chikuwapweteka. Games Workshop idathetsa Warhammer yakale ija mu 2015, kenaka mu Januwale 2024 idaibweretsanso m'dzina loti The Old World, patapita miyezi ingapo akafula a m'mizere n'kubwereranso m'masitolo. Ndidapita kukaona. Ndidaima pawindo la sitolo, ndalama zili m'thumba zokwanira kugula gulu lonse, n'kubwerera chimanjamanja, chifukwa sindidadziwe kuti kutsidya kwa tebulo kukhala ndani.

Iwe ukuti ukufuna gulu lako lidzaoneke bwino kaye. Mawu amenewo ndimawadziwa, adatuluka pakamwa panga. Ako ndi apulasitiki, saola, ukhoza kuwasunga mpaka imvi. Koma mnyamata wobwezedwa pakhomo kawiri sabwera kachitatu, ndipo sadzakuuza kuti wasiya. Adzangopeza tebulo lina. Kumene tidachokera, mlendo amene wayenda ulendo kudzakuona sabwezedwa pakhomo ngakhale m'nyumba mulibe ndiwo. Umamulowetsa, n'kudya naye chimene chilipo. Kubadwira ku England sikukuchotsera mwambo umenewu, ndipo ine ndikadali moyo sindilola kuti uutaye.

Tenga foni ija, uiyatse, umuimbire pompano ine ndikumva. Usalembe meseji, uyankhule ndi pakamwa pako, upepese popanda kutchula za penti. Umuuze abwere Loweruka 10 koloko. Tebulo lodyera ndalipempha kale kwa amayi ako, ndipo nsalu yobiriwira ndagula. Lero ndi mawa utsegule bokosi limodzi, umate asilikali khumi ndi guluu, uwaimike patebulopo ali otuwa choncho. Mukatha kusewera mupente limodzi, iye akugwire dzanja pojambula diso. Akafula abuluu awa ndiwapukuta, ndiwaika pashelefu ya pabalaza, mnzakoyo akafunsa umuuze za mwini bukuli. Tsopano pita ukasambe m'manja ndi sopo, wakhudza m'mphepete mwa bokosi.